Mawu a Zikhalo mu Holo ya pa Boma

Mwezi wa Julayi pa Dedza dzuwa limatuluka ngati lokakamizidwa. M'mawa umenewo nkhungu inali itakuta phiri lonse, mitengo ya paini osaoneka, ndipo mayi Clotilda Kamwendo analowa mu holo atafunda chitenje pamwamba pa juzi. Anali mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Kasina. Bungwe lina losunga mbiri yakale linawasankha pamodzi ndi anzawo a m'madera ena, n'kupatsa aliyense karekoda kuti azijambula okalamba akusimba zimene anaona ndi maso awo. Tsopano onse anaitanidwa ku wekishopu pa Boma, kuti amvetsere limodzi zimene anatola.

Pa nthawi ya tiyi, amene ankathira anali Falesi, mwana wa a Bartholomew a mudzi woyandikana ndi kwawo. Anakwatiwa pa Boma pomwepo ndipo ankagwira ganyu yophika pa holopo.

"Aphunzitsi, mpaka lero mukadali pasukulu?" anatero Falesi akuseka. "Simudzakhoza liti?"

"Iwe, thira mkaka wambiri. Ndinavutika nawe pa samu, lero undibwezere."

Anaseka onse awiri, Falesi n'kubwerera kukhitchini ndi ketulo yake.

Mayi Clotilda asanamalize tiyiyo, anawapeza a Harold, bambo wa ku Lilongwe amene ankatsogolera maphunzirowo. Anali munthu wofatsa, wokonda ntchito yake.

"Mayi Kamwendo, ndamvetsera zonse zimene anthu abweretsa. Zanu zija za mkulu wothawa nkhondo zilibe zinzake. Ndikufuna anzanuwa amve tisanadye nkhomaliro."

Mkuluyo anali a Zikhalo. Anabwera kuchokera ku Angonia nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, mudzi wawo utatenthedwa, ndipo anakwatira a Veronika, mlongo wa a Bartholomew, n'kukhala chikamwini. Anzawo atabwerera kwawo nkhondo itatha, iwo anatsala. Ana awo awiri anatsogola, kenako a Veronika nawonso. Mwa mwambo, mkamwini mkazi wake akamwalira amasudzulidwa, kumasulidwa kuti abwerere kwawo. Koma a Zikhalo kwawo kunalibe, ndipo a Bartholomew, mwini mbumba, nkhaniyo anangoisiya chigonere. Nkhalambayo inkakhalabe m'kanyumba ka mkazi wake ndi kulima kadimba ka mbatatesi, zonsezo chifukwa chakuti mlamu wake sanatsegule pakamwa.

Tsiku lojambula, a Zikhalo anayang'ana karekodako nthawi yaitali asanayambe.

"Adzamva ndani?" anafunsa.

"Anthu akutali, bambo. Ana asukulu am'tsogolo, inu ndi ine titapita kale."

Atamva zimenezo ndi pamene anamasuka.

"A Harold, muli zinthu zolemera m'menemo," anatero mayi Clotilda tsopano. "Ndinawalonjeza."

"Ndikudziwa, mayi, ndipo ndasamala. Mayina onse ndachotsa, la mudzi lomwe. Pamene panali dzina pangolira kabelu. Komanso taonani, muno muli wina wa ku Kasina?"

Mayi Clotilda anayang'ana mipando yonse. Panali wa ku Mayani, awiri a ku Lobi, sisitere wa ku Bembeke, mnyamata wa ku Mtakataka, ndi ena a pa Boma. Wa ku Kasina panalibe. Ndipo pansi pamtima panali kanthu kena kotentha bwino: chipumire ntchito, palibe anawayamikirapo pa chilichonse.

"Chabwino," anatero.

A Harold analumikiza laputopu ku sipika yaikulu. Mu holo munamveka kaye nkhuku ikutetera, kenako chifuwa chouma, kenako mawu a Zikhalo, okoka pang'onopang'ono ngati munthu wokwera chitunda ndi katundu. Anasimba za kuthawa kwawo, za mayi awo amene anawasiya panjira atalephera kuyenda, za msasa wa othawa nkhondo ndi nandolo wake wosapsa. Akamaliza nkhani imodzi ankati "pronto," monga amanenera a kutsidya kwa malire. Anthu mu holo anasiya kulemba.

Kenako anafika pa njala ya 2002.

"Chaka chimenecho tinkagona m'minda kulondera chimanga chisanakhwime. Munthu wina tinamupeza mbandakucha, mondokwa ali m'manja, wina akutafuna wosaphika. Anali wa kutsidya kwa dambo, tinkamudziwa. Alamu anga a..." kabelu kanalira, "...anatenga mpini wa khasu. Ine ndinati, alamu, basi, wamva. Iwo ayi. Ndinati, alamu, ndi munthu ameneyo. Iwo ayi. Pronto. Anazizira pomwepo. Anam'kokera kumsewu kuti azioneka ngati wagwa ndi njala, ndipo abale ake anamuika akuganiza kuti ndi njala. Ine ndinathawa kwathu ndikuti kuno anthu saphana. Koma ndikanauza yani? Mkamwini pakamwa pake ndi pa eni mudzi."

Mayi Clotilda anamva kamphepo kozizira kumsana, ngati chitseko chatsegulidwa. Anatembenuka. Pakhomo panaima Falesi, beseni m'dzanja limodzi, jagi ya madzi osamba m'manja m'dzanja linalo. Sanadziwe kuti waimapo nthawi yaitali bwanji. Nkhope yake sinasinthe. Anawerama, n'kuika beseni pansi mosamala kuti lisasokose, jagi pambali pake, n'kutuluka.

A Harold anaimitsa mawuwo.

"Mwaona zimene anachita mayi Kamwendo?" anafunsa gulu. "Mkuluyu atakhala chete, iwo sanathamangire kufunsa funso lina. Anadikira. Luso lonse la ntchito yathu lagona pamenepo."

Anthu anaomba m'manja. Mayi Clotilda anadzuka m'kati mwa kuomba komweko, n'kutuluka ngati wopita kukadzithandiza.

Anamupeza Falesi kuseri kwa khitchini, pa mulu wa nkhuni za paini, foni ili m'manja.

"Falesi, mwana wanga."

"Alamu awo a Zikhalo ndi amodzi okha, aphunzitsi. Kabelu kanu kaja mumabisira ndani?"

"Tamvera. Zinthu zimenezi sizituluka mu holo muno. Ndi za maphunziro chabe."

"Zatuluka kale. Anzanga awiri m'khitchinimu amva pawindo, ndipo akudziwa kuti azakhali anga anakwatiwa ndi munthu wa ku Mozambique. Andiyang'ana." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Bambo anga ali moyo, aphunzitsi. Lamulungu lililonse amatsogolera mapemphero a Mphakati. Chaka chimenecho ine ndinali wamng'ono, miyendo itatupa. Chimanga chimenecho ankalondera ine."

"Ndikudziwa. Palibe akuwaweruza."

"Mwaomba m'manja."

Utsi wa paini unkawalowa mayi Clotilda m'maso.

"Ndikupempha chimodzi," anatero kenako. "Usaimbe foni kumudzi. Ukaimba, mkulu uja alibe kopita. Wolakwa ndine, osati iwo. Ndinawauza kuti amva anthu akutali."

Falesi anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana aphunzitsi ake.

"Ndaimba kale," anatero. "Mumafuna akamve kwa anthu a pamsika?"

Masana onse mayi Clotilda anakhala pampando wawo osamva kalikonse. Atawafotokozera a Harold, bamboyo anagwira mutu ndi manja onse awiri, n'kunena kuti apita nawo akapepese. Mayi Clotilda anakana. Galimoto ya bungwe ikakaima pakhomo pa a Zikhalo, ndiye kuti mudzi wonse wadziwa.

M'mawa mwake, anzawo akukonzekera tsiku lolandira masatifiketi, iwo anakwera minibasi mpaka pa Linthipe, n'kupeza njinga yamoto yowafikitsa ku Kasina. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene, koma akawayesa mumtima ankangosweka.

Anayamba kwa a Bartholomew. Anawapeza pakhonde akuwotha dzuwa, atavala chikhoti chachikulu, korona yopempherera ili m'khosi. Nkhalambayo inawalandira bwino, n'kuitanitsa mpando, n'kufunsa za kuzizira kwa pa Boma.

"Bambo, ndabwera pa nkhani ya a Zikhalo."

"Eya, mwamva kale? Nkhani zimathamanga masiku ano." Anamwetulira pang'ono. "Palibe mlandu, aphunzitsi. Dzulo madzulo tinakhala pansi ndi mbumba, tinaona kuti mwambo tauchedwetsa kwambiri. Mlongo wathu anapita kalekale. Si bwino kum'manga munthu ngati mbuzi. Tawamasula, akaone abale awo."

"Abale ake ati, bambo? Mukudziwa kuti kulibe aliyense."

"Dziko ndi lalikulu. Munthu sasowa kwawo."

"Cholakwa ndi changa. Ngati pali chopepesa, ndipepese ine. Ndigwada pano."

"Mupepese chiyani?" A Bartholomew anawayang'ana m'maso, osaphethira. "Kodi pali chimene chachitika?"

Mayi Clotilda anaona kuti khomo limenelo latsekedwa, ndipo kuti akalikankha atchula okha chimene mudzi wonse wakhala ukuchizungulira zaka zonsezi. Anatsanzika.

Kwa a Zikhalo chitseko chinali chotsegula. Panja panali thumba la feteleza lomangidwa kukamwa ndi luzi, mphasa yopindidwa, kapoto ndi khasu. Mwini wake anakhala pa njerwa, akumanga nsapato ndi waya. Kumusi, m'dimba, mdzukulu wina wa a Bartholomew anali atayamba kale kuyendera mizere ya mbatatesi, manja kumbuyo.

"Aphunzitsi, mwabwera. Mpando ndabweza kwa eni ake, mukhululuke."

Mayi Clotilda anakhala pansi pa dothi lozizira. Anafotokoza zonse, za sipika, za kabelu, za Falesi pakhomo, ndi zakuti iwo anavomera. A Zikhalo anamvetsera akupotokola waya uja, osadukiza.

"Tiyeni kwathu," anatero mayi Clotilda pomaliza. "Kuli chipinda cha ana, chimangokhala."

"Kwanu ndi kutsidya kwa msewuwu. Madzi mumatunga pa mjigo umodzi ndi anthu awa. Mawa mukadwala, adzakunyamulani ndani? Ayi. Ndimamva kuti kufupi ndi Ulongwe, ku Angonia, kuli mwana wa msuweni wanga. Kapena aliko."

"Ngati kulibe?"

A Zikhalo anakweza mapewa. Anavala nsapatoyo, n'kuipondaponda kuti aone ngati wayayo wagwira.

"Anali angati mu holomo?"

"Ambiri ndithu."

"Anamva bwino? Paja chifuwachi chimandisokoneza."

"Anamva zonse, bambo."

"Za munthu uja nazonso?"

"Nazonso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Mayi Clotilda anatulutsa karekoda m'chikwama.

"Ndifufuta pompano inu mukuona. A Harold nawonso avomera kufufuta zawo. Sipadzakhalanso wina womva."

A Zikhalo anatambasula dzanja, n'kuphimba karekodako pamodzi ndi zala za mayi Clotilda. Chikhatho chawo chinali cholimba ngati khungwa.

"Musatero. Nyumba yapita, dimba lapita, manda a mkazi wanga ndikuwasiya. Mukafufutanso zimenezo, ndiye ndikuchokeranji?"

Wakabaza amene a Bartholomew anaitanitsa anafika akuliza belu la njinga. Anamanga thumba ndi mphasa pakaliyala, koma khasu linakana kukhala, ndipo a Zikhalo anati alinyamula okha paphewa. Malo okhala munthu panjingapo panalibe, choncho wakabazayo ankaikankha, nkhalambayo ikutsatira pambuyo. M'makomo amayi anapitiriza kusankha nyemba, mitu ili pansi. Palibe anatuluka.

Mayi Clotilda anawaperekeza mpaka pa mlatho wa mitengo kumapeto kwa mudzi. Pamenepo a Zikhalo anaima, n'kusintha khasu phewa.

"Bwererani, aphunzitsi. Anthu akuona."

Anabwerera.