Njerwa ya Amayi Veturia

Joiana inali ng'ombe yokhayo imene Domnica anabwera nayo kuchokera kwa bambo ake tsiku la ukwati, ndipo pakhomo ponse pa apongozi ake chinthu chokha chimene chinkamumvera chinali ng'ombe yomweyo. Mwamuna wake, Traian, ankamanga nyumba za eni ku Italiya n'kumabwera kawiri pachaka ngati mlendo. Komabe mlandu wakuti pakhomopo panalibe mwana unali wa Domnica yekha. Apongozi akewo, amayi Veturia, anaugamula kalekale, ndipo pakamwa pawo sipankatera ntchentche.

M'mwezi wa Malichi Joiana inaswa thole, koma nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana, inakanirira m'kati. Domnica anapempha kuti aitane dokotala wa ziweto. Amayi Veturia anangoseka, ati madokotala ndi a anthu opanda manja. Anatola njerwa, n'kuimangirira ndi chingwe ku nsengwa yolendewerayo kuti kulemera kwake kuikoke, monga ankachitira amayi awo. Nsengwa inadukadi, koma theka linatsalira m'kati n'kuyamba kuola.

Fungo lake, abale inu! Khola lonse linkanunkha, mafinya akuyenderera kumchira, mkaka unachepa, ng'ombe n'kuonda mpaka nthiti kuwerengeka. Chiberekero chinali chitatupa. Koma za njerwa palibe anazitchulanso, ngati kuti inadzimangirira yokha.

Udzu utamera, ng'ombe za m'mudzi zinayamba kupita limodzi kudambo, komwe kunali nkhunzi ya mudzi wonse. Joiana inakweredwa, osatenga bere. Inakweredwanso, osatenga. Madzulo ng'ombe zikamabwerera, iliyonse ikulowa pageti pakwawo yokha, amayi Veturia ankakhala pabenchi lakumsewu n'kumauza aliyense wodutsa kuti ng'ombe imatengera mwini wake. Anthu ankaseka, ena monyinyirika, koma ankasekabe. Domnica ankamva zonse ali m'khola, chipumi atatsamiritsa pamimba pa ng'ombeyo, ndipo ankawada apongozi akewo ndi mtima wake wonse.

Tsiku lina apongozi atapita kumaliro, Domnica anaitana dokotala uja mobisa. Dokotalayo anatsuka chiberekero, anaikamo mankhwala, n'kunena kuti mwayi ulipo koma wochepa. Mafinya anasiya. Mu Seputembala nkhunzi inaikweranso, ndipo kuchokera pamenepo Joiana sinafunenso nkhunzi.

Chisanu chitayandikira, chija kumeneko chimagwa kumapeto kwa chaka n'kupha msipu wonse, amayi Veturia anayang'ana mulu wa udzu wouma n'kunena kuti sangadyetse chumba mpaka chisanucho kutha. Anatuma uthenga kwa Nistor, wopha nyama wa m'mudzimo. Domnica anagwada pakati pabwalo, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Amayi, chonde, dokotala angobwera adzaipime kaye. Ine ndikuona ngati ili ndi bere."

"Iwe ukuona? Bere umalidziwira kuti iweyo?"

Domnica anaimbira foni Traian. Iye anati ali pamwamba pa nyumba, sakumva bwino, amvere amayi.

Nistor anabwera m'mawa ndi mipeni yake, n'kulandira kachasu wa maula asanayambe ntchito. Joiana inakana kutuluka m'khola, inakanira Nistor, inakanira apongozi. Ndiye anauza Domnica kuti aitane ng'ombe yakeyo, poti imamva iye yekha. Anaiitana ndi dzina, ndipo inamutsatira bwinobwino mpaka pansi pa mtengo pomwe panali chingwe. Atatero sanamulole kuchoka, ati agwire beseni la magazi.

Nistor ankatumbula uku akucheza za mpira. Anang'amba chiberekero, chimene chinali choyera, chopanda fungo n'komwe, n'kutulutsamo kathole kakang'ono ngati khoswe, koma kali ndi mutu wake ndi timiyendo tonse tinayi. Anakagoneka paudzu osayang'ana munthu.

Domnica anadikira. Sankafuna zambiri, mawu amodzi okha opepesa. Amayi Veturia anawerama, anakatembenuza ndi nsonga ya nsapato, kenako anadzuka n'kumuyang'ana m'maso.

"Waona? Ngakhale ng'ombe yoola m'mimba yakuposa."

Anaitanira galu katholeko, n'kuuza Domnica kuti afulumire ndi besenilo magazi asanaundane.