Mbatata za pa Kanyimbi

Nangozo analota akukumba mbatata m'munda wa makolo ake pa Kanyimbi, kamudzi ka nyumba zochepa komwe mbewu sizikana ngakhale chaka cha chilala. Dzuwa linali paliwombo. Khasu litalowa mumzere, nthaka inatsokomola.

Mbatata yoyamba inatuluka ili ndi zipsera za nthomba. Ina inali ndi imvi, ndipo ataithyola munatuluka mafinya ofunda amene anayenderera mpaka pachigongono. Anapukutira pachitenje, fungo osachoka.

Pachulu panakhala agogo ake aamuna, a Gwaza, amene anayambitsa mudziwo ndipo anamwalira iye ali kamtsikana. Ankasenda mbatata ndi chikhadabo, ntchentche zikulowa m'kamwa mwawo n'kumatulukira m'khutu.

"Mwachedwa, Nangozo," anatero. "Eni munda akudikira."

"Eni munda si inu, agogo? Ife timauza ana kuti munapeza thengo lokhalokha n'kuswa mphanje."

"Thengo linalipo. Koma munalinso misasa ya odwala nthomba, amene abale awo anadzawataya kuno. Ife tinafika ndi njala, mvula ili pafupi. Tinaunjika nthambi pamisasapo n'kuyatsa moto, monga timachitira ndi chitsa. Dzungu limodzi la chaka chimenecho ankalinyamula anthu awiri."

Ananena zimenezi akutafuna, ngati akufotokoza kamangidwe ka nkhokwe. Nangozo anayang'ana kumbali. Analavula, ndipo pamene panagwa malovupo panamera nyemba nthawi yomweyo.

Kenaka mizere yonse inatembenuka. Sinali mizere, anali anthu ogona chammbali, atafunda masamba a kholowa. Wapafupi, mayi wopanda milomo, anadzuka n'kukhala tsonga. Anazula mbatata kukhwapa kwake, ikudontha, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Munda sitikuufuna, mayi. Tauzolowera. Tikungofuna mmodzi wa kwa Gwaza adye akudziwa chimene akudya. Akadya, azidzatimva pakamwa masiku onse a moyo wake."

"Ndikakana?"

"Tipatsa amene akubwerayo."

Nangozo anacheuka. M'kanjira ka kudimba munkabwera mwana wake Velina, dengu pamutu, akuyenda chopendekera ndi pakati pake pa miyezi yotsiriza. Velina sankawaona ogonawo. Ankawaponda m'nthiti n'kumaimba.

Nangozo anayang'ana agogo ake, koma iwo anali kalikiliki kuchotsa zotsalira m'mano ndi kaudzu. Analandira mbatatayo, natseka maso n'kuluma. Tsitsi linamukola lilime. Anatafuna misozi ikugwa, pakhosi pakubweza, iye n'kumakankhira ndi chala. Chimene chinamunyansa koposa n'chakuti inali yotsekemera kuposa mbatata iliyonse imene anadyapo.

Velina anafika n'kutula dengu.

"Amayi, mukudya nokha? Njalatu yandipha. Ndibenthulireniko."

Nangozo anaponya m'kamwa kachidutswa kotsala, nameza chosatafuna, n'kunyambita zala zonse kuti pasatsale kanthu.

"Zoona mwandimana, amayi?"

"Ndakumana, mwanawe. Nyamula dengu lako uzipita."