Chivomezi pa Mgodi wa Golide

Benilde ankaphunzitsa jeogirafiya pa xikola ya ku Fíngoè. Mmawa umenewo ankauza ana kuti nthaka imene timapondayi si chimwala chimodzi, koma zigawo zikuluzikulu zimene zimasuntha pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha, ndipo zikakhulana dziko limagwedezeka, kwina mapiri n'kulavula moto. Asanamalize, malata anayamba kulira, mabenchi n'kumavina okha. Ana anathawira panja akukuwa.

Dzuwa lili pamutu, Esperança, mnansi wake, anafika pa mota, njinga yamoto, ali wefuwefu.

"Apurofesora, mgodi wagumuka, wakwirira Matias! Akupha amalume anu!"

Amalume akewo anali a Horácio, nkhalamba imene inabwerako ku Zambia nkhondo itatha. Okumba golide anali atadya theka la munda wawo, ndipo dzulo lake pokangana a Horácio anawauza kuti dothi lomwelo lidzawameza.

Atafika ku mgodi, Benilde anawapeza atamangidwa manja ndi chingwe chokokera mchenga, ali chigonere pafumbi. Dércio, mkulu wake wa Matias, ankawamenya m'nthiti ndi mpini wa pikareta, chokumbira miyala. Ena ankawaponda kumutu.

"Bweza mng'ono wanga, mfiti iwe!"

Benilde anadzigwetsa pamwamba pa amalume ake. Mpini unamupeza paphewa, mkono wonse n'kuchita dzanzi.

"Chokani, apurofesora," anatero Dércio. "Nkhaniyi si yanu."

"Achimwene, ku xikola nakonso kwagwedezeka! Kumsika matumba agwa! Munthu mmodzi angagwedeze dera lonse? Ndi miyala ya pansi yasuntha, ndipo mwina ibwerezanso. Chokani m'mphepete mwa dzenjemo!"

"Mwamva? Akudziwa kuti ibwereza. N'ngamodzi amenewa!"

Mwala unachokera kumbuyo kwa gulu n'kumung'amba pachipumi. Magazi anadzaza m'maso. Anangomva manja akumukoka miyendo, iye atakakamira malaya a amalume ake mpaka anang'ambika.

Nthaka inagwedezekanso. Sizinali zamphamvu ngati poyamba, koma khoma lina la mgodi linatsetsereka ndi chiphokoso, anthu n'kubalalika. Fumbi litachepa, Esperança, amene anagwa chogwada pafupi ndi dzenje, anakweza dzanja.

"Khalani chete! Wina akugogoda pansipa."

Dércio anataya mpini. Anakumba ndi mafosholo, ndi manja, zikhadabo zikuthyoka. Patapita maola awiri anamutulutsa Matias, wamoyo, mwendo wakumanja utaphwanyika pansi pa bondo.

Nthawi yonseyo palibe anayang'ana a Horácio. Benilde anamasula chingwecho ndi mano ndi dzanja limodzi, n'kuika mutu wawo pamiyendo pake. Ankapuma mokhala ngati akumwa madzi. Galimoto yonyamula makala itaima, anthu anakweza Matias. Benilde anachita kugwira chitseko, kukana kuchisiya, mpaka anakwezanso amalume ake. A Horácio anamwalira asanafike kuchipatala, dzanja lawo litagunda phazi la Matias.

Apolisi anadzamutenga Dércio Lachinayi, iye sanathawe. Enawo anati sanaone amene anaponya mwala. Kuchipatala anamusoka Benilde pachipumi, ndipo mkono unatenga mwezi usanakwezeke. Matias anamudula mwendo ku Tete. Atabwerako anatuma mkazi wake kwa Benilde ndi nkhuku yoyera yopepesera. Benilde anayang'ana nkhukuyo nthawi yaitali, kenako anauza mayiyo kuti akhale pamphasa.