Makina Amene Anachotsa Mawu a Bok-hui

Ndikanadziwa zimene a Pyo Dal-su anali nazo m'mutu, sindikanawaperekeza kokagula makina ojambulira nyimbo aja. Takhala tikuimba limodzi kuyambira kale, ine pa akodiyoni, iwo pa gitala, akazi awo a Bok-hui akutsogolera nyimbo. Tinkajambulira m'kachipinda ka m'nyumba mwawo kuno ku Busan, komata mathireyi a mazira m'makoma, pa kamakina kakale ka kaseti. Kamakinako kanali ndi mizere inayi yojambulapo, iwiri itafa kale, choncho mawu a Bok-hui ndi akodiyoni yanga zinkalowa mumzere umodzi.

Mwana wawo wamkazi, Eun-sol, anali pafupi kukwatiwa, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: pa ukwati pake padzamveke nyimbo yoimba mayi ake. A Bok-hui anachitidwa opaleshoni ya pakhosi chaka chatha. Mawu awo anasasa, nyimbo ikamakwera amanjenjemera, koma ankayeserera m'mawa uliwonse uku akutsuka mpunga.

Kusitolo wogulitsa anatiyalira makina angapo. Ine ndinaloza a mizere isanu ndi itatu, ndikuti atikwanira, tilipo atatu basi. A Dal-su sanawayang'ane n'komwe. Anathamangira aakulu, a mizere khumi ndi isanu ndi umodzi, mabatani mbwee. Za kamvekedwe sanafunse. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti kodi mzere uliwonse umakhala pawokha osasakanikirana ndi unzake. Wogulitsa anavomera. Kenako a Dal-su anatsitsa mawu.

"Nanga nditachotsa mawu a munthu mmodzi n'kuikapo a wina, zingadziwike?"

"Ngakhale apongozi anu sangadziwe, bwana," anatero wogulitsa uja akuseka.

Titatuluka ndinawapanikiza, ndipo anandiuza popanda manyazi kuti kukwaya ya kutchalitchi kwawo kuli mtsikana wa mawu ofanana ndi a Bok-hui akadali namwali. Akuchimuna ndi anthu a ku Seoul, eti, ndiye sangalole kuti banja lawo lisekedwe chifukwa cha mawu osasa.

"Achimwene, amenewo ndi akazi anu," ndinatero.

"N'chifukwa chake ndikuwateteza. Iwe nyamula bokosi."

Ndinanyamula. Kuwauza a Bok-hui kunandikanika, poti ndinaona mmene anasangalalira ndi makinawo, mpaka kuwapukuta ndi kansalu ngati mwana wakhanda. Ndinangopanga yangayanga nzeru. Tsiku lojambula, a Dal-su ali kalikiliki ndi mawaya, ndinasendeza mpando wanga ndi maikolofoni ya akodiyoni kufupi ndi pakamwa pa a Bok-hui. Ndinkafuna mawu awo alowenso mumzere wanga, kuti wowachotsa achotsenso akodiyoni yonse. Ndinkati a Dal-su sangafike pamenepo.

A Bok-hui anaimba ndi mtima wonse. Pakati pa nyimbo mawu anawadukira, anameza malovu n'kupitiriza. Ine pamenepo ndi pamene panandikhudza kuposa pena paliponse.

Tsiku la ukwati, anthu atadzaza holo, woyendetsa mwambo analengeza kuti tsopano timve mphatso ya mayi a mkwatibwi. Nyimbo inayamba. Akodiyoni yanga munalibe, m'malo mwake munkalira kiyibodi yozizira ngati ya m'sitolo ya nsapato. Kenako anatuluka mawu osalala, okwera bwinobwino, a munthu amene sanadwalepo pakhosi. A Dal-su anakhala atatukula chifuwa, akugwedeza mutu motsatira nyimbo. Ndinalakalaka kuwathira msuzi wa m'mbale yanga.

A Bok-hui sanagwedezeke. Eun-sol anatembenuka kuyang'ana mayi ake, mayi akewo n'kuzolika.

Nyimbo itatha anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali. Mayi a mkwati, mzimayi wolankhula mokweza, anadzuka n'kudzawagwira a Bok-hui manja onse awiri. Anati anamva zoti anadwala pakhosi, koma taonani zodabwitsa, mawu ngati a mtsikana! Anaumirira kuti nyimbo yotere siyomvera m'makina ayi, aiimbenso pompano anthu aone ndi maso. Holo yonse inavomereza. Woyendetsa mwambo anabwera chothamanga ndi maikolofoni, ndipo chifuwa cha a Dal-su chinaphwa.

A Bok-hui anaimirira, anawerama mwaulemu kwa mayi a mkwati aja, nalandira maikolofoni ija ndi manja awiri. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panakhala amuna awo. Analankhula maikolofoni ili pakamwa, ndi mawu awo osasa aja, kuti aliyense amve.

"Bambo a Eun-sol, anthu akufuna woimba uja. Muitaneni, ine sindikumudziwa."