Nambala Folo Sawola

Make Mapasa anawerenga kachitatu, akuloza anyezi mmodzimmodzi ndi chala, koma yankho silinasinthe. Pashelefu ya nambala folo panali anyezi 77. Tsiku lomwe ankawayala m'shedimo analipo 100, alangizi a zaulimi ataima pomwepo n'kumawerengera limodzi.

"Bambo a mapasa!" anaitana. "Tabwerani mudzaone zachitika kuno."

Mwamuna wake, amene anali kalipentala, anatulukira utuchi uli mbuu m'mutu. Anasuzumira pashelefupo n'kukweza mapewa.

"Ndi makoswe amenewo."

"Khoswe wodziwa manambala? Wasiya wani, wasiya thuu, wasiya fili, n'kudzasankha folo yekha? Khoswe ameneyo ndiye anapita kusukulu, ndipo amavala nsapato."

Anyezi amenewa sanali odya kapena ogulitsa. Chaka chathachi matenda owoletsa anyezi anasesa madimba a anthu onse a m'kalabu yawo. Nthenda yake ndi yachinyengo. Kunja anyezi amaoneka wolimba, wonyezimira bwinobwino, koma ukamudula umapeza mkati muli madzimadzi onunkha. Alangizi anafotokoza kuti ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timalowera pakhosi pa anyezi, ndipo tikalowa palibe mankhwala otitulutsa. Chofunika n'kupeza mtundu wopirira. Choncho anabweretsa mitundu isanu yoti ayese, ndipo kalabu inasankha Make Mapasa chifukwa shedi yake sinkadontha komanso sankachita ulesi kulemba. Mayina a pamapaketiwo anali opinda lilime, n'chifukwa chake anangowapatsa manambala.

Atakolola, alangizi anasiya lamulo limodzi. Loweruka lililonse azidina pakhosi pa anyezi aliyense, wofewa azimulemba m'kope, koma asamuchotse. Pakatha masabata asanu ndi atatu adzawadula onse pamaso pa kalabu, ndipo mtundu umene udzapambane ndi umene aliyense adzadzale.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero alangiziwo. "Musauze munthu chilichonse tisanadule."

Koma pakamwa pa Make Mapasa panalibe chitseko. Pofika sabata lachinayi mashelefu ena onse anali atayamba kununkha, pomwe nambala folo, anyezi wofiira wamkulu, analibe wofewa ngakhale mmodzi. Nkhaniyi inamuyabwa. Anainena pamjigo, anainena kuchigayo, anainenanso pamaliro pamene anzake ankayimba. "Nambala folo sawola," ankatero, akudziguguda ngati mbewuyo anailenga yekha.

Tsopano anyezi 23 anali atasowa, ndipo mtima wake unathamangira kwa munthu mmodzi. Mng'ono wa mwamuna wake ankagulitsa anyezi ndi tomato kumsika, ndipo anthu ankangomutchula kuti Sikelo. Mlamu ameneyu anali atabwera kushedi kawiri konse, maso ali pa nambala folo, mafunso osatha. Ulendo wachiwiriwo anapempha ngakhale paketi yopanda kanthu.

"Usakachite zinthu mothamanga," anatero mwamuna wake.

"Magazi ndi magazi, mumuikira kumbuyo basi," anayankha akumanga mpango.

Anamupeza Sikelo kumsika akuunjika anyezi m'milumilu pabenchi yake. Pakati pa oyerawo panali ofiira angapo, akuluakulu. Make Mapasa anatola mmodzi n'kumutembenuzatembenuza.

"Alamu anga okondedwa!" anafuula Sikelo. "Lero dzuwa latulukira kuti? Mwabwera kudzandigula kapena kudzandikwatira?"

"Anyezi ofiirawa mwawatenga kuti?"

"Kwa amalori, monga mwa masiku onse. Bwanji, akufanana ndi abale anu?"

Amayi a mabenchi oyandikana anaseka. Make Mapasa sanaseke.

"M'shedi mwanga mwasowa anyezi 23. Ofiira. Ngati awa."

"Ndiye anyezi anayamba kuyenda ndi ziphaso masiku ano? Mufunseni dzina ameneyo, mwina akuyankhani."

"Munthu amene analowa m'shedimo kawiri ndi inu. Amene anatenga paketi ndi inu. Utsi sufuka popanda moto, alamu."

Nthabwala zinathera pomwepo. Sikelo anaika pansi anyezi amene anali m'manja mwake. Anayang'ana amayi aja, omwe tsopano anali atatchera makutu, kenako anayang'ana mlamu wake.

"Mukunena kuti ndine wakuba? Pano, pamalo anga a ntchito?"

"Sindinatchule mawu amenewo."

"Simunawatchule, koma aliyense wawamva. Bwezerani anyezi wangayo pamulu, muzipita."

Make Mapasa anabwerera kunyumba. Sanadzione wolakwa, koma umboni analibe, ndipo zimenezi zinamuwawa kwambiri. Anayamba kukayikira aliyense. Mayi woyandikana naye nyumba atabwera kudzabwereka sefa, iye ankayang'ana m'dengu lake. Ngakhale mwamuna wake anamufunsa ngati sanapatseko makasitomala ake anyezi.

Lolemba m'mawa anapala phulusa lozizira, nalisefa, n'kuliwaza pansi m'shedi monse kuyambira pakhomo. Anakoka chitseko monga mwa nthawi zonse n'kupita kudimba. Atabwerako masana sanayambe n'komwe wasamba m'manja. Anatsegula shedi pang'onopang'ono.

Mapazi analipo. Sanali a nsapato zazikulu za Sikelo. Anali a patapata, okhwekhwereza, ndipo pambali pa phazi lililonse lakumanja panali kabowo kozungulira. Analunjika pashelefu ya nambala folo n'kubwerera. Make Mapasa anawerenga anyezi. Anatsala 75.

Pakhomopo munthu woyenda ndi ndodo anali mmodzi yekha. Apongozi ake aamuna anabwera kudzakhala nawo atangotha kukolola, chifukwa mawondo anali atawakana. Analima anyezi zaka zambiri asanafooke. Make Mapasa sanawauzepo za kuyesa mbewu, poti ankaona kuti nkhani za makope ndi manambala n'zosawakhudza.

Anawapeza kuseri kwa nyumba, pamthunzi, akumata keni yothiririra. Anakhala pansi chapatali pang'ono.

"Bambo, kodi m'shedi muja mumalowamo?"

Mkuluyo anamwetulira ngati munthu amene wagwidwa akuchita zabwino.

"Mwazindikira? Ine ndimafuna musadziwe."

"Anyeziwo mumapita nawo kuti?"

"Ndimakataya kudzala, mayi. Kungakhalenso kuti? Owola okhaokha." Anakweza chala chachikulu. "Chala ichi sichinama. Ndikangodina pakhosi, ndadziwa. Ndikanunkhiza, ndatsimikiza. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola, kodi si mmene amanenera? Ine nditalowamo tsiku loyamba ndinamva fungo, ndinati mpongozi wangayu ntchito yamuchulukira. Kukuuzani ndinaona ngati ndikuchititsani manyazi. Ndiye mukapita kudimba ndimangolowa n'kusankhako awiri, atatu."

"Nanga bwanji shelefu imodzi yokhayo?"

"Zam'mwambazo phewa silifika. Zam'munsizo ndikawerama ndiye mudzandidzutsa ndi chingwe. Imene ili pafupi ndi chitsekoyo ndi imene ili pa msinkhu wanga. Pepani kuti zinazo ndalephera. Koma ofiirawo, mayi, musadzawadzalenso. Amaoneka bwino, koma ndi madzi okhaokha. Sindinaonepo anyezi wowola msanga chonchi."

Make Mapasa anafuna kukalipa, koma akanakalipira chiyani? Munthuyo anachita zimene mlimi aliyense wa anyezi amachita. Anathokoza ndi mawu otsika n'kupita kudzala. Anatokosa ndi mtengo pansi pa masamba ndi phulusa. Anali momwemo, ofiira, ophwanyika, ntchentche zili ng'waa. Anasiya kuwerenga atafika pa 20 chifukwa cha fungo.

Anakhala pakhomo la shedi kope lili pamiyendo. Nambala wani inali ndi owola 19, thuu 14, faifi 16. Nambala fili, kanyezi kotuwa kamene palibe ankakayang'ana kawiri, inali ndi 9 okha. Nambala folo, imene iye ankaiimbira nyimbo, inali ndi 25. Inali yoipa kuposa zonse.

Mwamuna wake atamva anakanda m'mutu.

"Akudziwa ndani? Ukhoza kuwauza alangizi kuti makoswe anadya, kuyesako kubwerezedwe chaka chamawa. Dzina lako lisaipe, la bambonso lisaipe."

"Ndiye anthu apitirize kukhulupirira kuti folo sawola?"

Mwamunayo anayang'ana kumbali. Make Mapasa anadziwa kuti pali china chimene akubisa.

"Nenani."

"Sikelo anafesa kale. Paketi ija ankafuna akaonetse kusitolo ya mbewu. Anati akufuna akhale woyamba kufika nawo pamsika. Wafesa mabedi anayi, folo yekhayekha, ndipo mwezi wamawa awokera dimba lonse."

"Bwanji simunandiuze tsiku lija ndinkapita kumsika?"

"Unandipatsa mpata?"

Munthu amene Make Mapasa anamutcha wakuba pamaso pa msika wonse anali munthu amene anakhulupirira mawu ake kuposa wina aliyense. Manyazi anamugwira mpaka anafuna kulowa m'nyumba n'kudzitsekera. Koma mbewa yamanyazi inafera kuuna. Anatenga kope lija n'kunyamuka dzuwa likadali pamwamba.

Sikelo anali kunazale kwake, keni m'manja. Mbande zinali zitamera bwino, zobiriwira, zowongoka ngati singano. Atamuona sanasiye kuthirira.

"Mwabwera kudzasecha kuno tsopano? Yambirani m'thumba la malayamu."

"Alamu, ndinakulakwirani. Amene amachotsa anyezi ndi bambo. Amataya owola."

"Ndiye mukanene kumsika komwe munanenera zija."

"Ndikanena mawa m'mawa, pabenchi panu pomwepo. Koma pali china choposa chimenecho."

Anamutambasulira kope n'kumufotokozera zonse: za shelefu ya pafupi ndi chitseko, za dzala, za 25 uja. Sikelo anamvetsera madzi akudontha kukamwa kwa keni n'kumanyowetsa nsapato yake. Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana mabedi ake anayi.

"Munati sawola."

"Ndinatero."

"Munanena ndi pakamwa panu, kangapo konse. Ine ndinati mlamu wanga ndi wamakani, koma pa kope sanama."

"Kope silinaname. Ndine amene ndinathamanga."

Sikelo anaika keni pansi. Anazula kambande kamodzi, nakayang'ana mizu yake yoyera, n'kukataya m'ngalande.

"Za ukuba zija ndikanaiwala pakutha pa sabata," anatero motsitsa. "Kumsika timatukwanidwa tsiku ndi tsiku. Koma apa nyengo yandidutsa. Ndikafesanso lero, anzanga adzakhala akukolola ine ndikupalira."

"Ndibwera kudzakuthandizani kugalauza mabediwa."

"Mabedi anga ndigalauza ndekha. Inu muli ndi ulendo." Analoza ndi chibwano kutsidya kwa madimba. "Kusitolo kuja sindinapite ndekha. Tinali ndi atelala, amayi a pagolosale, ndi mlonda wa kusukulu uja. Onse anafesa tsiku limodzi ndi ine. Mlondayo anachita kuzula kabichi kuti apeze malo."

Make Mapasa anatseka kope. Anafunsa kuti mwa atatuwo wapafupi ndi ndani, ndipo Sikelo anati ndi mlonda. Anadzera kanjira ka pakati pa madimba, akukonza mawu oti akayambire. Asanafike n'komwe anamuona mlondayo chapatali, ataima pakati pa mabedi ake, akumukupizira dzanja mosangalala kuti abwere adzaone mmene zamerera.