Tsiku Losambitsa Matilda

Matilda anamuvuula mu Rivirivi dzuwa lili paliwombo. Anapita yekha kukachapa, matenda ake a khunyu n'kumugwetsera m'madzi osafika n'komwe m'mawondo, basi osadzukanso. Sabina atamva uthengawo anangoti khwe pansi m'munda wa thonje, khasu lili m'manja. Zaka zisanu ndi zinayi awiriwa ankapitira limodzi kuchipatala ku Balaka kukatenga mapiritsi a matenda omwewa, n'kumasekana m'njira kuti wagwa kangati mwezi uno.

Pasiwa anapeza amayi adzaza pakhonde, akulira mokwanira ndithu, koma m'nyumba munalibe ndi mmodzi yemwe. Thupi linali pamphasa ndi zovala zonyowa zomwe zija. Amayi osambitsa maliro, omwe masiku ena amachita kulimbirana ntchitoyi, tsikuli aliyense anali ndi chifukwa chake. Uyu msana, uyu ati chala chili ndi bala. Bodza lokhalokha! Ankaopa thovu lomwe linaumira pakamwa pa malemuyo, poti kumudziko amati ukalikhudza nawe uyamba kugwa. Anamwino anena mpaka kusasa mawu kuti khunyu sapatsirana, koma aa, akumva ndani?

"Tingowakulunga m'nsalu," anatero a Sofia, mkulu wa osambitsawo, maso ali pansi. "Mulungu akawalandira momwemo."

Sabina anasuzumira m'nyumbamo. Pamphasa paja anadziona yekha, matope ali m'tsitsi, amayi omwewa akuimba panja. Kwawo n'kutali ku Kawinga, kuno anabwera ndi ukwati, ndipo abale ake aakazi onse anatha. Imfa sankaiopa kwenikweni, poti munthu wakugwa anazolowera kuchoka n'kubwerako. Chomwe ankaopa n'kupita kumanda ali wakuda, popanda dzanja la munthu lomukhudza.

"Ndipatseni beseni ndi sopo," anatero. "Ine ndiopa chiyani? Matendawa ndili nawo kale."

Eee, beseni linabwera mwachangu chodabwitsa.

M'nyumbamo munkanunkha ndere za kumtsinje. Diso limodzi la Matilda linali lotsegula pang'ono, ndipo kulikonse komwe Sabina wagwada linkaoneka kuti likumutsata. Analitseka ndi chala, linatsegukanso. Pamkono panali chipsera cha moto chofanana ndi chake, pamalo pomwepo, mwakuti popukuta anachita kuyang'ana mkono wake kuti atsimikize kuti akusambitsa ndani.

"Iwenso mnzanga, kuchapa wekha bwanji?" anamukalipira motsitsa mawu. "Sitinagwirizane? Wandisiyira benchi yonse ya kuchipatala ija ndekha."

Anatsuka kukamwa, anachotsa mchenga m'makutu, analira pang'ono n'kupitiriza. Koma atafuna kutsuka kumsana, thupi linakana. Matilda anali mayi wathupi, ndipo manja a Sabina mapiritsi anawasiya onjenjemera. Anayesa kawiri, kachitatu mutu wa mnzake unagunda pansi. Apa mkwiyo unamukwera, anatuluka n'kuima pakhomo manja akuchucha madzi.

"A Sofia, lowani mundigwirire mapewa."

"Iyayi, mayi Sabina, ine msanawu..."

"Kukamwa ndatsuka kale ndekha. Ndikufuna wotembenuza basi."

Nyimbo yomwe amayi ankaimba inaduka. Aliyense anapeza choyang'ana pachitenje chake.

"Chabwino," anatero Sabina. "Ndiye ineyo mudzanditani? Nenani pompano ndikadali wakumva. Mudzandikulunga ndi matope, eti?"

Kenaka a Sofia anadzuka mong'ung'udza, n'kupita kuseri kwa nyumba. Anabwerako atavala majumbo a shuga m'manja onse awiri, atawamanga ndi luzi pamkono. Analowa chammbali ngati m'nyumbamo muli njoka.

Anamutembenuza. Majumbo ankalira tswatswa pakhungu lozizira, ndipo a Sofia anali atakhotetsera nkhope kukhoma.

"Musayang'ane kumbali," anatero Sabina. "Muziyambira kumutu. M'makutu mumabisala mchenga. Yang'anitsitsani, poti tsikulo sindidzatha kukuuzani."

A Sofia anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana malemuyo, anayang'ana Sabina. Kenaka maso awo anagwera pa majumbo aja, ndipo manyazi anawagwira.

"Asiyeni," anatero Sabina akufinya kansalu. "Majumbowo mudzavale, ine sindidzakwiya. Bola mudzalowe."