Sangweji Yopanda Buledi

Munthu wamkulu akakana kudya amatopetsa kuposa khanda, anthu inu. Khanda umalitsina mphuno n'kulikankhila phala, nanga bambo wandevu zake umutani? Luisa anayesa zonse pa mwamuna wake Lazaro: kunyengelela, kukalipa, kuitana akulu ampingo, ngakhale kunyanyala kumene. Bambo uja amangotembenukila kukhoma.

Matenda ake anali a shuga. Kuchipatala ku Petauke anamuuza mosapita m'mbali kuti nsima ichepe ngati ya mwana, mabanzi ayi, mbatata ayi, azidya nyama ndi masamba. Lazaro anavomela bwinobwino, koma atafika kwawo ku Kacholola anapitiliza kudya mitanda yake monga kale, mpaka maso anayamba kuchita chifunga ndipo chala chakumwendo chinatuluka bala losapola. Apo Luisa anakabisa ufa kwa mnzake. Lazaro naye anati chabwino, ndiye ndaleka kudya. "Wodya ndiwo zokha ndi fisi," amatelo. Thupi linatha ngati sopo, ndipo Luisa amaona ndi maso ake kuti akapanda kudya sabata imeneyi, basi wapita.

Komatu nkhani sinali nsima yokha. Awiliwa anachokela ku Mozambiki. Nthawi ya nkhondo anthu amfuti anamugwila Lazaro kumunda kuti akawanyamulile katundu, ndipo patapita miyezi kunabwela mbili yoti waphedwa. Mtembo ukasowa, manda sasiyidwa opanda kanthu: abale anakulunga mvunguti m'malaya ake n'kuuika m'dzenje, Luisa anameta mpala, kenako anathawila kumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi ndi khanda lake Takondwa kumbuyo. Tsiku lina ali pamzele wolandila ufa, anangoona munthu uja waimilila patsogolo pake, wakuda bii, mafupa okhaokha. Azimayi anataya mabeseni n'kuthawa. Nkhondo itatha anzawo anabwelela kwawo, koma Lazaro anakanitsitsa, akuti munthu sangamalime pafupi ndi manda ake. Tsopano pamphasa ya matendayi mawu ake anali amodzimodzi: "Dzenje lija munalinamiza ndi mvunguti. Likufuna mwini wake."

Zaka zimenezo za matipate, makopaletivu atagwa, aliyense anasanduka wamalonda. Luisa amagulitsa masangweji m'mawindo a mabasi a ku Lusaka, banzi lodula pakati, nyama yowotcha m'kati. Ndiye anaganiza kuti ngati buledi ndiye mdani, auchotse, nyama itsale.

M'mawa umenewo sanapite kumseu. Anagula nyama ya ng'ombe ya pantchafu kubuchala, ndipo poti m'nyumba mumanunkha matenda, anatulutsa mipando, tebulo, zofunda ndi mphasa zina, n'kuziyanika pabwalo. Nyama ija anaiboolaboola ndi mpeni, m'mabowomo n'kutsekamo adyo, pamwamba n'kupaka mchele, tsabola ndi madzi a mandimu, monga amachitila kwawo. Anaiika m'poto wachitsulo pambaula, makala ena pamwamba pa chivundikilo, kuti ipse pang'onopang'ono mbali zonse. Itapsa anaisiya izizile kaye, chifukwa nyama yowotcha ukaifulumilila ndi mpeni imataya madzi ake onse. Masamba a kabichi anawaviika m'madzi owila kuti afewe. Mafuta otsala pansi pa poto sanataye. Ndiwo anayenela kukhala msuzi wosunsila.

Anali pansi, miyendo tambalale, akuchekela anyezi m'msuziwo, pamene misozi inayamba. Poyamba inali ya anyezi. Kenako anakumbuka kuti mbale imeneyinso mwina ibwela yosakhudzidwa, ndipo inasanduka misozi yeniyeni.

Ndi mmene anamupezela Esnart, mnzake wogulitsa nthochi kumseu, amene anadabwa poona malo a Luisa ali opanda munthu. Anaona katundu panja ngati pamalilo, chitseko chotseka, fungo la nyama ya ng'ombe pakhomo pa anthu osauka tsiku wamba.

"Amake Takondwa, kwagwanji? Odwala ali bwanji?"

Luisa sanafune kuti amuone akulila. Anangopukusa mutu n'kumukupiza dzanja kuti apite. Esnart anagwila pakamwa n'kubwelela chothamanga. Ha, mayi ameneyu! Miyendo yake nthawi zonse imatsogolela nzelu.

Luisa sanalabadile. Anacheka nyama mopyapyala, n'kusanja pa tsamba la kabichi, pamwamba timagawo ta matimati, n'kuvundikila ndi tsamba lina, n'kupinda m'mbali kuti igwilike ndi dzanja limodzi. Anapanga zingapo, msuzi n'kuthila m'kapu. Nyama yotsala, mpeni ndi masamba analowa nazo m'nyumba kuopa agalu.

"Atate ake Takondwa, dzukani. Ndakupangilani sangweji."

Lazaro anasuzumila ndi diso limodzi. "Buledi wake ali kuti?"

"Tsambali ndiye buledi. Sunsani m'kapumu, mulawe chabe."

"Ndine mbuzi ine?" Anatembenukila kukhoma.

Pomwepo kulila kunayamba. Kunayambila kutali, cha kumseu, liwu limodzi lakuthwa, ena n'kulilandila, kumayandikila. "Mayo ine! A Lazaro mwatisiya! Mayo, atate athu!" Luisa anamva mapazi akulowa pabwalo, azimayi akudzigwetsa pansi pafupi ndi khonde. Kulila munthu wamoyo ndi malodza, ndi kumuitanila imfa pakhomo, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Anadzambatuka kuti akawaletse.

Dzanja la Lazaro linamugwila pamkono. Mphamvu zimenezo anazitenga kuti, kaya.

"Asiyeni."

"Mwapenga? Akukulilani inu!"

"Ndamva. Asiyeni, amake mwana. Malilo oyamba aja sindinawamve."

Anali atakhala tsonga, mutu atapendeketsa ngati munthu womvela wailesi yakutha mabatile. Nkhope yake inali yodekha, ndipo kudekha kumeneko ndiko kunamuopsa Luisa kuposa kulila kwa panja. Amayi ampingo anayambitsa nyimbo ya malilo, yotsika, yokoka. Lazaro osayang'ana n'komwe, dzanja lake linafufuza m'mbale, linatola sangweji imodzi, linaisunsa m'kapu. Analuma. Msuzi unatsikila m'ndevu.

Munthu uja amatafuna, amameza.

"Uyo wa liwu lalikuluyo ndi Esnart," anatelo Lazaro, chakudya chili m'kamwa. "Amandikonda, kani. Kujanso kunali anthu ambili chonchi?"

"Analipo."

"Anaimba?"

"Motsitsa. Timaopa amfuti."

"Nanga inu, munalila?"

"Ndinalila mpaka mawu anatha," anayankha Luisa, ndipo mtima unamupweteka ngati ndi dzulo lomwe.

Lazaro anagwedeza mutu, n'kutola ina. Anaisunsa kwambili, mpaka tsamba linanyowa lonse. Amadya ngati munthu wochokela ulendo wautali, maso ali kuchitseko. Nyimbo ikatsika naye amaleka kutafuna, ikakwela amayambanso. Luisa anaziona zimenezo, ndipo anamvetsa, n'kuchita mantha: akangotuluka kukanena kuti munthu ali moyo, kulila kuleka, mbale nayo ikankhidwa.

Panja panamveka mawu a azibambo. Wina amakoka chipika cha moto wa malilo. Wina anati atumize uthenga kusukulu akamutenge mwana, ndiponso anyamata ayambe kusonkhanitsa makasu. Kenako chitseko chinagogodedwa, mofatsa, mwaulemu wa pamalilo.

"Odi, amake Takondwa. Ndife amayi ampingo. Tsegulani tikuthandizeni kusamala thupi."

Luisa anayang'ana chitseko, anayang'ana mwamuna wake. Mbale inali itayela. Lazaro amanyambita zala, ndipo anamutambasulila dzanja, chikhato chili m'mwamba.

"Zilipo zina?"

Mulungu andikhululukile, anatelo Luisa chamumtima. Anakhala pansi n'kutsamila chitseko ndi msana wake wonse, mapazi atawaponda zolimba. Kumbuyo kwake amamva matabwa akunjenjemela ndi kugogoda, ndi dzina la mwamuna wake likuitanidwa pamodzi ndi la akufa. Anakokela mbale ya nyama pamiyendo n'kuyamba kucheka.